Zombo Ziwiri za Caka ca 1964 Zimene Sizinauluke

Mpunga ukatha kumweta ndipo cimanga cikalowa m'nkhokwe, ana a kuno ku Chama amapeza mpata wogwira nchito yawoyawo. Mukayenda m'midzi ya kwa Kambombo, kwa Tembwe kapena kwa Chikwa m'miyezi ya June ndi July, mudzawapeza pansi pa mtengo wa mango atazungulira mulu wa mapesi, waya, malegeni, zitini za polishi ndi mapatapata akutha. Uyu akupinda waya ndi mano, uyo akuceka patapata kuti apeze mawilo, winayo wangokhala pambali kulamula anzake ngati kapitao. Pofika madzulo galimoto yatuluka, ya ciongolero cacitali cofika m'ciuno. Amene ali ndi luso loposa anzake amapanga ndeke. Ndipo cifikire mafoni ndi mavidiyo, ena ayamba kupanga maroketi ndi zombo zacilendo zimene amaona m'mafilimu a nkhondo za pakati pa nyenyezi.

Makolo ambiri sakondwera nazo zimenezi. Amati ndi kutaya nthawi, pamene mbuzi zili kudya ndiwo za eni ake kudimba. Ngakhale m'magulu athu a acinyamata funso limabuka: kodi nkoyenera kuti Mkhristu athere tsiku lathunthu pa cinthu cosadyedwa, cosagulitsika, cofanizira combo cimene sicinakhalepo n'kale lonse? Funsoli si lacibwana, ndipo sindifuna kuliyankha ndi mau awiri. Ndifuna tibwerere ku caka ca 1964, caka ca ufulu wa dziko lathu. Caka cimeneco kunapangidwa zombo ziwiri za m'mlengalenga, cina ku Lusaka, cina ku America, zotalika pafupifupi mofanana, mamita atatu kapena kupitirira pang'ono. Eni ake sanali kudziwana. Zombo zonse ziwiri sizinacoke pansi.

Mphunzitsi wa ku Lusaka

A Edward Mukuka Nkoloso anabadwa m'caka ca 1919 kumpoto kwa dziko lino, limene panthawiyo linali kuchedwa Northern Rhodesia. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anatengedwa usilikali m'gulu la Northern Rhodesia Regiment, ndipo anafika pa udindo wa sajeni m'cigawo ca otumiza mauthenga. Atabwerako anagwira nchito yomasulira zinenero m'boma, anakhalanso mphunzitsi, natsegula sukulu yawoyawo imene boma la atsamunda linatseka. Zitatero analowa m'ndale zomenyera ufulu. Anamangidwa m'caka ca 1956 ndiponso 1957, ndipo pambuyo pake anakhala mmodzi wa oyang'anira citetezo m'cipani ca UNIP. Ndachula zonsezi dala, cifukwa ambiri amene amaseka akamva dzina la a Nkoloso amayesa kuti anali munthu wosokonezeka mutu woyendayenda pamsika. Iai. Anali munthu woti waona maiko, wawerenga mabuku, walawa ndende.

Masiku amenewo maiko a America ndi Russia anali pa mpikisano waukulu. Pa 4 October 1957 a Russia anaponya kumwamba setilaiti yoyamba yochedwa Sputnik. Pa 12 April 1961 Yuri Gagarin anazungulira dziko lapansi, ndipo mu June 1963 mkazi woyamba, Valentina Tereshkova, anacita cimodzimodzi. A America nawo, kudzera mwa pulezidenti wawo John Kennedy, analonjeza kuti zaka za m'ma 1960 zisanathe adzaponda pa mwezi. Maiko a mu Africa sanali kuwerengedwa n'komwe pa mpikisanowu. Nchito yathu inali kukumba kopa ndi kumvetsera wailesi. A Nkoloso sanavomere zimenezo. M'caka ca 1960 anayambitsa bungwe la dzina lalitali, Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy, nalengeza kuti Zambia idzafika ku mwezi America ndi Russia asanafikeko, ndipo ikacoka kumeneko idzapitirira mpaka ku Mars.

Sukulu yawo inali pa famu ina yosiyidwa, makilomita 11 kucokera mu Lusaka. Ophunzira awo anawacha Afronauts. Maphunziro ake ndi amene anachukitsa nkhaniyi pa dziko lonse. Mnyamata anali kulowa m'diramu la mafuta la malita 200, anzake n'kuligubuduza pa mtsetse wa miyala kuti azolowere kupidiguka kwa ulendo. Ena anali kukwera katungwe kuti amve mmene thupi limapepukira munthu akafika pamwamba penipeni. Anali kuphunziranso kuyenda ndi manja, miyendo ili m'mwamba, pakuti aphunzitsi awo anati ndiko kayendedwe ka pa mwezi.

Combo cawo anacicha D-Kalu 1, polemekeza a Kenneth Kaunda. Cinali ca maonekedwe a diramu, capafupifupi mamita 3 m'litali ndi mamita 2 m'mimba mwake, copangidwa ndi aluminiyamu ndi kopa. A Nkoloso anafuna kuti cinyamuke pa 24 October 1964, tsiku la ufulu, pa bwalo la Independence Stadium, koma cilolezo sicinaperekedwe. Pa ulendo wa ku Mars anati adzatumiza mtsikana mmodzi wacicepere, amphaka awiri ndi mmishonale. Ndipo apa ife a mpingo tisafulumire kuseka, cifukwa a Nkoloso analemba kuti mmishonaleyo amucenjeza kuti asakakamize anthu a ku Mars kulowa Cikhristu ngati eni ake safuna. Munthu amene anaona ndi maso ake mmene Uthenga Wabwino unayendera limodzi ndi msonkho ndi citupa m'dziko lino anadziwa bwino cimene anali kunena. Cenjezo limenelo lingathandize ngakhale ife tikamapita kukalalikira m'midzi ya anzathu.

Ndalama ndizo zinasowa. Anapempha mapaundi 7,000,000 ku bungwe la UNESCO, koma sanalandire kanthu. Boma latsopano linanena kuti pempholo si lake. Ophunzira anabalalika mmodzimmodzi, mtsikana uja makolo ake anabwerera naye kwawo, ndipo atolankhani akunja amene anabwera kudzaona cikondwerero ca ufulu anapeza nkhani yoseketsa owerenga awo. Kuno kwathu, kumene panthawiyo kunali pansi pa boma la Lundazi, anthu analibe mtima wa za ku mwezi. Mu August caka comweco mavuto a Lumpa anali atafika m'midzi ya m'cigwa muno, ndipo mabanja ambiri anali pa maliro.

A Nkoloso sanathere pamenepo. Anatumikira pa Liberation Centre mu Lusaka, malo othandizira omenyera ufulu a maiko oyandikana nafe. M'caka ca 1983, ali ndi zaka zoposa 60, analandira digiri ya zamalamulo pa University of Zambia. Anamwalira pa 4 March 1989. Patapita zaka nkhani yawo inaukanso. Mu 2012 wojambula zithunzi wa ku Spain, Cristina de Middel, anatulutsa buku la zithunzi lonena za iwo. Mu 2014 Nuotama Bodomo anapanga filimu yaifupi, ndipo mu 2017 mlembi wa kuno kwathu, Namwali Serpell, analemba nkhani yaitali m'magazini ya The New Yorker, momwe anafunsa ngati mwina a Nkoloso ndiwo anali kuseka azungu pamene azungu anali kuyesa kuti akuseka iwo. Ine maganizo anga pa iwo ndiwanena kutsogoloku. Poyamba tione combo caciwiri.

Licero, mtondo ndi minsi iwiri

Tiwoloke nyanja tipite ku California, m'dziko la America. M'miyezi yomweyo imene madiramu anali kugubuduzika kunja kwa Lusaka, munthu wina dzina lake Gene Roddenberry anali kukonza sewero la pa wailesi ya kanema lochedwa Star Trek, lonena za anthu a mtsogolo oyenda pakati pa nyenyezi. Sewero lotere lifunika combo. Nchito yocijambula inapatsidwa kwa Matt Jefferies, amene anauluka m'ndeke za mabomba pa nkhondo yomwe ija imene a Nkoloso anapitako. Iye anajambula zithunzi zambirimbiri mpaka anagwirizana pa cimodzi. Kwa inu amene simunacione, ganizani licero lalikulu kutsogolo, mtondo wogoneka pansi pake, ndi minsi iwiri yoimikidwa pa timitengo kumbuyo. Anacicha Enterprise, nambala yake NCC-1701.

Mmisiri Richard Datin ndi anzake a mumzinda wa Burbank anacipanga ndi matabwa, pulasitiki ndi malata, nacipereka kumapeto kwa December 1964, patangopita miyezi iwiri cilandirire ife ufulu. Kutalika kwake kunali mamita 3.4. Cinali ndi kacinsinsi kake. Mbali ya kumanja yokha ndiyo inamalizidwa bwino. Kumanzere ndiko kunali kutulukira mawaya a magetsi. Akafuna kuonetsa combo cikupita kwina, anali kumata zilembo zolembedwa cobwerera m'mbuyo ndi kutembenuza filimu. Anthu mamiliyoni anaonera seweroli kuyambira pa 8 September 1966 mpaka 1969 osadziwa kuti akuona mbali imodzi cabe.

Amisiri amenewa sananene kwa munthu aliyense kuti combo cawo cidzauluka. Koma anaciyeza ngati kuti ndi ceniceni. Anagwirizana kuti Enterprise ya m'nthanoyo ndi yotalika mamita 289, ndipo cigawo ciliconse cinayenera kukhala pamalo pake molingana ndi muyeso umenewo. Ndiye cifukwa cake maso a oonera anacikhulupirira. M'combo ca m'seweromo munali mkazi wakuda woyang'anira mauthenga, nchito yofanana ndi ya a Nkoloso kunkhondo. Dzina lake linali Uhura, locokera ku liu la Ciswahili lakuti uhuru, ndiye kuti ufulu. Mtsikana wina wa ku Chicago amene anali kumuonera, Mae Jemison, anakula nakhala dokotala, anagwirako nchito ku Sierra Leone ndi ku Liberia, ndipo mu September 1992 anakhala mkazi wakuda woyamba kupita m'mlengalenga. Combo ca matabwa cija cinaperekedwa m'caka ca 1974 ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Smithsonian mumzinda wa Washington. Mu 2016 akatswiri anamaliza kucikonzanso, atafufuza penti yake mosamala kuti apeze mtundu weniweni umene cinali nawo m'masiku a seweroli.

Combo ca m'bokosi

Seweroli litangoyamba, kampani ya AMT inayamba kugulitsa Enterprise yaing'ono m'bokosi, yosalumikiza, kuti wogula akamalize yekha kunyumba. Malonda otere sanayambe ndi zombo. Mlimi angakondwe kumva kuti kampani yochuka ya ku England, Airfix, inayamba nchitoyi m'caka ca 1949 ndi kathirakitala ka Ferguson, ndipo ndeke yake yoyamba, Spitfire, inatuluka mu 1953. Pa mabokosi ambiri pamalembedwa sikelo. Pa Spitfire panalembedwa 1:72, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa kandekeko iimira masentimita 72 pa ndeke yeniyeni. Pa Enterprise sikelo inali 1:650. Tengani pensulo mugawe mamita 289 ndi 650, mudzapeza pafupifupi masentimita 45, ndiko kutalika kwa combo ca m'bokosico.

Mabokosi amenewa sapezeka wamba m'masitolo a kuno, ndipo mtengo wake ungagule mbeu ndi feteleza. Komabe kacitidwe ka nchitoyi nkoyenera kukadziwa, cifukwa nzeru yake imagwiranso pa mapesi ndi makatoni. Mukatsegula bokosi mumapeza tizidutswa ta pulasitiki togwirana pa cimango, kalikonse ndi nambala yake, pepala la malangizo, ndi pepala lina la zilembo ndi mizere. Wodziwa sathothola tizidutswato ndi manja. Amadula ndi kampeni, n'kupala cipsera ndi sandipepa. Asanathire guluu amayamba wagwirizanitsa zidutswa ziwirizo zouma kuti aone ngati zikukumana. Guluu wake si womata cabe, koma amasungunula pulasitiki kuti mbali ziwiri zikhale thupi limodzi, motero dontho limodzi lopitirira limasiya cidindo ca cala cimene sicicokanso. Pamene patsala mpata amatsekapo ndi phala lake, likauma n'kupalanso mpaka msoko utasowa.

Kupenta ndiko kumaonetsa woleza mtima ndi wopupuluma. Amayamba watsuka comboco ndi sopo kuti mafuta a m'manja acoke. Kenaka amapaka penti yoyamba yotuwa, imene nchito yake ndi kugwira penti yotsatira ndiponso kuulula zolakwa zonse zobisika. Penti yeniyeni amaisungunula kuti ikhale yamadzimadzi ngati mkaka, napaka kawiri kapena katatu, kuyembekeza kuti iume asanabwerezenso. Wofuna kumaliza tsiku limodzi amapaka yolimba kamodzi, ndipo mazenera ndi timizere tonse timakwiririka ngati nyumba yozira ndi dothi lambiri. Mitundu yowala imayamba, yakuda imatsatira. Zilembo amaziviika m'madzi, n'kuzitsetsereza pamalo pake ndi burashi yonyowa. Potsiriza pali luso lina lodabwitsa, lokalambitsa dala cinthu catsopano. Amathira penti yakuda yamadzimadzi kuti ilowe m'timing'alu, napukuta yotsala, nadetsa pozungulira injini ngati mwaye wa pa mphika, kuti woona akhulupirire kuti comboci cayenda ulendo wautali.

Luso limeneli linagwira nchito ngakhale m'sewero lomwe lija. M'caka ca 1967 anafuna kuonetsa combo cina cofanana ndi Enterprise citaonongeka pa nkhondo. Ndalama zopangira cacikulu panalibe. Anangotenga bokosi limodzi la AMT, lomwelo logulidwa ndi ana a sukulu, nalumikiza, nacitentha ndi kucinyenya apa ndi apo. Nambala 1701 anaisanduliza kukhala 1017 pogwiritsa nchito zilembo zomwezo za m'bokosi, nacicha Constellation. Kuteroko ndi kumene mwana wa ku Chama amacita akasandutsa patapata kukhala wilo.

Funso la sisitere

Tibwerere ku funso lathu, pakuti silinayambe ndi makolo a kuno. M'caka ca 1970, a America atangoponda pa mwezi mu July 1969, sisitere wina wotumikira m'dziko lathu lino, Mary Jucunda, analembera kalata Dr Ernst Stuhlinger, mmodzi wa akuluakulu a sayansi m'bungwe la NASA. Anamufunsa kuti angaganize bwanji zotaya ndalama zankhaninkhani pa ulendo wa ku Mars pamene ana ambiri pa dziko lapansi akufa ndi njala. Stuhlinger anayankha pa 6 May 1970, ndipo sanamupeputse. Anasimba za mwini cuma wina wa ku Germany wa masiku a miliri, amene anali kugawira osauka cuma cake cambiri, koma anasungako pang'ono kuti athandize munthu wina wokonda kunola tizidutswa ta galasi. Anthu a m'mudzimo anakwiya poona ndalama zikupita pa zidole. Koma nchito yonola magalasi ndiyo inabala maikulosikopu, cida coonera tizilombo tosaoneka ndi maso, cimene cathandiza kugonjetsa matenda kuposa mphatso zonse za mwini cuma uja. Anachulanso za masetilaiti oona nyengo ndi mbeu m'minda. Pamodzi ndi kalatayo anatumiza cithunzi ca dziko lapansi likutuluka kuseri kwa mwezi, cojambulidwa ndi a m'combo ca Apollo 8 pa Khrisimasi ya 1968.

Kunena zoona, sisitereyo sanalakwe. Mwana wanjala sadya maikulosikopu, ndipo lonjezo lakuti zabwino zidzabwera patapita zaka 100 silitonthoza mai amene mwana wake akudwala lero. Mpingo umene ungaiwale funso la Mary Jucunda wataya njira. Komanso ife a m'cigwa ca Luangwa, amene caka ndi caka mitsinje imatitsekera miseu, tikamva pa wailesi kuti kukubwera mvula yamphamvu, uthengawo umacokera ku masetilaiti omwe aja. Mbali zonse ziwiri zili ndi coonadi cake, ndipo ine sinditha kutaya imodzi.

Pali nkhani ina imene imayandikira kwambiri kwa ife, pakuti imayamba ndi mtsogoleri wa mpingo. M'caka ca 1878 Bishopu Milton Wright wa ku America anabwera kunyumba ndi kacidole ka ana ake awiri, Wilbur wa zaka 11 ndi Orville wa zaka 7. Kanali kahelikopita ka pepala, nsungwi ndi mphira, kotalika ngati phazi la munthu wamkulu. Anyamatawo anakaseweretsa mpaka kanathyoka, napanga kawo. Atayesa kupanga zokulirapo anadabwa kuona kuti siziuluka bwino. Cifukwa cake ndi ici: cinthu mukacikulitsa kawiri mbali zonse, mapiko ake amakula kanayi, koma kulemera kwake kumakula kasanu ndi katatu. Atakula anatsegula shopu yokonza njinga mumzinda wa Dayton. Onse awiri sanapite ku yunivesite. M'caka ca 1901, zoyesa zawo zitalephera, anakhoma bokosi lotalika pafupifupi mamita 2, naika copemerera mphepo kumapeto kwake, nayesamo timapiko tating'ono pafupifupi 200, kulemba m'buku zotsatira za kalikonse. Pa 17 December 1903 ndeke yawo inauluka masekondi 12, mtunda wa mamita 37.

Tsono maganizo anga pa a Nkoloso ndi awa. Kulimba mtima anali nako, ndipo pa masiku amene munthu wakuda anali kuuzidwa kuti nzeru za sayansi si zake, kuimirira ndi kunena kuti nafenso tipita kunali kulalikira kwa mtundu wake. Pa ici ndimawavulira cisoti. Cimene cinasowa pa famu ija si ndalama za UNESCO zokha. Linasowa buku lija la ana a bishopu, lolembamo miyeso. Kuti cinthu cizungulire dziko lapansi ciyenera kuthamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola limodzi. Roketi ya Saturn V imene inanyamula anthu kupita ku mwezi inali yotalika mamita 111, ndipo itadzazidwa mafuta inali kulemera matani pafupifupi 3,000. Ngakhale mapaundi 7,000,000 aja akanabwera, diramu ndi katungwe sizikanasintha masamu amenewa. Ngati a Nkoloso anali kucita sewero, linali sewero lanzeru. Ngati anali kunenetsa, ndiye kuti acinyamata amene anasiya zawo ndi kuwatsata anayenera kulandira maphunziro oposa amene analandira.

Oyandikana nafe anatsata njira ya miyeso. Mu November 2022 setilaiti yoyamba ya dziko la Zimbabwe, ZimSat-1, inanyamuka kupita m'mlengalenga. Inapangidwa ndi mainjiniya a ku Zimbabwe amene anakaphunzira pa Kyushu Institute of Technology ku Japan. Kukula kwake kunali masentimita 10 mbali zonse. Galimoto ya waya ya mwana wa giredi 5 ndi yaikulu kuposa pamenepo.

D-Kalu wa pa Chama

Amene amawerenga Baibulo sadabwa ndi miyeso. Pa Genesis 6 cingalawa ca Nowa cinaperekedwa ndi manambala ake, mikono 300 m'litali, 50 m'lifupi ndi 30 msinkhu wake. Mukati mkono umodzi ukhale milimita imodzi, mupeza kacingalawa ka masentimita 30, 5 ndi 3, kokwana pa rula ya kusukulu. Pa Ezekieli 4 mneneri anauzidwa kujambula Yerusalemu pa njerwa ndi kumanga timisasa ta adani mozungulira, kuti anthu aone ndi maso cimene makutu awo anali kukana. Cifanizo copangira kuphunzira si fano lopembedza.

Gulu la acinyamata limene lifuna kuyesa lingayambe ndi combo ca kwathu. Tengani sikelo yosavuta ya 1:10. D-Kalu wanu adzakhala masentimita 30 m'litali ndi 20 m'mimba mwake. Pindani nsungwi zowazidwa kukhala mikombero itatu yofanana, muilumikize ndi timitengo ta mapesi, mukute ndi katoni. Pamwamba pake matani mapepala akale ndi phala la ufa wa cinangwa, magawo atatu, lililonse liume lisanalandire linzake. Musaliumitse pansi, pakuti ciswe ndi mphemvu zimalikonda phalali. Penti yoyamba ikhale laimu wamadzimadzi. Mtundu wa kopa mungaupeze posefa katondo ndi kusakaniza ndi guluu wa matabwa, wakuda posinja makala, ndipo pofanizira aluminiyamu matani mapepala onyezimira a m'mapaketi a mabisiketi. Nthenga ya nkhuku imalemba mizere yoonda kuposa burashi yochipa. Cinthu cimodzi ndikuletsani: musaphwanye mabatire akutha kuti mutenge zakuda za m'kati, monga ena amacitira, cifukwa ndi zapoizoni.

Mukamaliza, tulukani nayeni pa bwalo la chalichi. Muikeni pansi, ndipo kuyambira pamenepo yezani ndi cingwe mamita 11. Kumeneko ndiko kutalika kwa Saturn V pa sikelo yomweyo. Imani pakati muyang'ane uku ndi uku, ndipo amene sanamvetse masamu a m'nkhani ino adzawamvetsa popanda wowafotokozera.

Khomo ndi mazenera ikani mmene muonera, malinga ngati anthu anu angathe kulowa. Munthu wa msinkhu wa masentimita 170 adzakhala wa masentimita 17. Mtsikana uja akhale wamfupi pang'ono. Diramu la maphunziro lidzakhala la masentimita 9 msinkhu ndi 6 m'mimba, ndipo kacitini kakang'ono kangakwanire. Musaiwale mmishonale ndi buku lake m'khwapa, ndiponso amphaka awiri, aliyense wosapitirira masentimita 5. Onsewa muwaumbe ndi dongo la kumtsinje, ndipo muwaumitse pamthunzi masiku angapo, pakuti dongo loumira padzuwa limang'ambika.